Kope Losowa la a Jameson

1

Ntchito yanga inali yokana. Anthu amaganiza kuti wa mulaibulale amangopukuta fumbi m'mashelefu n'kumakalipira ana asukulu kuti akhale chete. Si choncho. Ine Christabel, pa yunivesite imene ndimagwira ntchito, yomwe dzina lake sindilitchula poti ndikufunabe kudya, ndinali munthu wolandira mindandanda ya mabuku amene aphunzitsi akufuna, n'kuyamba kudula.

Amene ankandidziwa bwino ndi a dipatimenti ya maphunziro a zandale. Iwowa amapempha mabuku ngati akulemba manifesito, osafunsa kuti ndalama zake zichokera kuti. Buku lililonse ndinkaliimika pabwalo. Analilemba ndani? Analisindikiza ndani, chaka chanji? Akatswiri anzake analiunika? Lithandiza kosi iti, ana angati? Likapunthwa pa funso limodzi, basi lapita. Ndalama zakunja n'zosowa, ndipo zochepa zimene timapatsidwa zimathera ku majenale a pa intaneti. Mipata yotsala timatseka ndi mphatso. Chaka china tinalandira makatoni khumi a mabuku a m'ma 1970 ofotokoza mmene amasankhira makhansala kudera lina lozizira kutsidya la nyanja. Tinawathokoza ndi kalata yokoma kwambiri.

Anzanga ankanditcha Mayi Umboni, chifukwa pakamwa panga sipankachoka funso lakuti, "Umboni wake uli kuti?" Dzinali ndinkalinyadira.

Pa aphunzitsi onse amene ndinawadulira mabuku, mmodzi yekha ndiye anabwera ku ofesi kudzakangana nane, Dokotala Gerishon. Tinakangana teremu yathunthu. Teremu yotsatira anandifunsira. Chinkhoswe chathu chinayenera kuchitika mu Ogasiti chaka chathachi. Iye ankadziwa kuti ndine mwana wamasiye, kuti ndinakhala kwa azakhali ku Ndirande, kuti moyo wanga wonse ndi sukulu ndi tchalitchi. Zambiri mwa izi zinali zoona.

2

Mu Meyi chaka chomwecho komiti yosankha mabuku inakumana. Wapampando anali Mayi Modesta, mkulu wa laibulale, munthu amene amakumvetsera mpaka iwe mwini uyambe kudzikayikira. Gerishon analowa wopanda mndandanda, atangogwira foni.

"Lero sindikupempha buku la mzungu," anatero. "Ana athu amaloweza ndale za mayiko amene sadzapondako, koma afunseni mmene msonkhano wa kampeni umayendera kumudzi kwawo, alibe chowerenga. Ndapeza mkulu wina mlimi, kale anali mlembi wa mpingo. Kuyambira 1994 wakhala akulemba msonkhano uliwonse wandale wochitika m'dera lawo. Wabwera ndani, walonjeza chiyani, wagawa chiyani, amayi aimba nyimbo yanji. Kope limodzi pachaka. Alipo makumi atatu ndi limodzi."

"Ali kuti mkuluyo?" anafunsa Mayi Modesta.

"Ku Neno, kwa Dambe. Dzina lawo ndi a Jameson."

Bolopeni yanga inagwa pansi. Ndinatenga nthawi poitola.

Nditadzuka ndinalankhula ngati loya. Ndinati makope a munthu wamba si buku. Palibe wosindikiza, palibe katswiri anawaunika, ndipo sitikudziwa ngati mkuluyo sanali wa chipani. Ndinati mwina muli maina a anthu amoyo amene angatitengere kukhoti. Ndinati chiswe, ndinati nkhungu, ndinatchula ngakhale kuchepa kwa mashelefu, ine amene ndinapezera malo makatoni khumi aja.

"A Dokotala," ndinamaliza motero, "umboni woti zolembedwazo n'zoona uli kuti?"

Mayi Modesta anagwedeza mutu. "Mfundo zanu n'zomveka, Christabel. Ndiye poti katswiri wa umboni ndinu, mupite limodzi mukawaone makopewo. Mukatilembere lipoti."

Ndinadzikumbira ndekha dzenje, fosholo yake ya ofesi.

3

Tinanyamuka Lachinayi pa galimoto ya yunivesite, Gerishon akuyendetsa. Ndinavala wigi yaitali, magalasi akuda ndi suti yabuluu, ngati ndikupita ku semina ku hotela.

"Kodi ukudziwa kuti kumeneko n'kufumbi?" anandiseka.

"Ndamvapo," ndinayankha.

Titadutsa pa boma la Neno msewu unayamba kukwera. Galimoto inkalira m'zitunda, uku minda ya mbatatesi, uku tirigu, mphepo yozizira ikulowa pawindo. Pamphambano ina Gerishon anaima, akukanda mutu.

"Kumanzere," ndinatero.

Anandiyang'ana.

"Ndaona matayala a njinga zamoto apita uko," ndinawonjezera msanga. Anandiyamikira kuti ndili ndi maso.

A Jameson anatilandira pakhonde la nyumba ya njerwa zootcha. Anali atakalamba, tsitsi lonse mbuu, atavala jekete lokhala ndi mabolopeni atatu pathumba. Anapereka moni kwa Gerishon, kenako anatembenukira kwa ine. Anandiyang'ana nthawi yokwanira kuwerenga tsamba lathunthu.

"Awa ndi a Christabel, katswiri wathu wa mabuku," anatero Gerishon. "Ndiponso, poti ndinu kholo ndikuuzeni, ndi amene ndikumanga nawo banja."

"Eti?" anatero mkuluyo. "Takulandirani, madamu. Kuno ndi kwanu."

Anandilozera mpando pafupi nawo. Ndinakakhala pamkeka chapatali, nditapenya kumbali.

"A Dokotala, mwasankha bwino," anatero a Jameson. "Madamu a m'tauni, koma akhala ngati mtengwa pamaso pa apongozi ake. Ulemu wotere unatha kalekale."

Gerishon anaseka mosangalala. Ine thukuta linali likuyenderera pansi pa wigi.

"Tisungeni! Bweretsa bokosi lija."

Munatuluka mtsikana wamtali, wazaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, atanyamula bokosi lachitsulo. Analiika pansi, n'kugwada kupereka moni. Dzanja lake linali lozizira ndi madzi otsukira mbale.

"Mdzukulu wanga uyu, ali Fomu 3," anatero mkuluyo. "Bambo ake, a Sosten, apita kumsika ndi mbatatesi, abwera mawa."

Sindinavule magalasi.

4

Ndinawawerenga makopewo limodzilimodzi. Anakwanadi makumi atatu ndi limodzi, lililonse chaka chake chitalembedwa pachikuto, atakutidwa ndi mapepala a matumba a shuga kuopa chinyezi. Ndinatsegula limodzi pakati.

"Loweruka. Anabwera ndi galimoto zinayi. Analonjeza msewu, mlatho ndi mjigo. Anagawa nsalu ndi machesi. Pobwerera galimoto ziwiri zinatitimira m'matope, tinakankha ndife. Anatiyamika kuti ndife anthu okonda chitukuko."

Ndinatsegula la zaka zisanu pambuyo pake.

"Lachiwiri. Wa chipani china. Mlatho womwe uja. Nyimbo n'zomwe zija, amayi angosinthamo dzina."

Owerenga anzanga, ndagwira mabuku okwera mtengo m'moyo mwanga, ena olemera ngati njerwa. Sindinaonepo lofotokoza ndale zathu momveka chonchi. Mkuluyo sankatukwana munthu, sankayamikira munthu. Ankalemba tsiku, malo, chiwerengero cha anthu, ndi mawu enieni amene anayankhulidwa. Pamene sanamve bwino ankalemba kuti, "Apa chimkuzamawu chinazima." Mayi Umboni ndinasowa chodula.

"Simusiya kanthu eti?" ndinafunsa.

"Chimene maso anga aona, madamu, chimalowa."

Dzuwa litapendeka, a Jameson anatenga Gerishon kuti akamuonetse pamtsinje pamene pakhala pakulonjezedwa mlatho kasanu ndi kawiri. Tisungeni anapita kukatunga madzi. Ndinatsala ndekha ndi bokosi.

Kope la 2009 linali lachikuto chofiira. Sindinalitsegule. Ndinkaopa kuti ndikaona zilembo zowongoka zija zikunena zimene ndinkazidziwa kale, ndikomoka pomwepo. Ndinaliika m'chikwama, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, kudutsa khola la nkhumba. Sindinafunse munthu njira ya kuchimbudzi.

Ine amene ndinalipiritsapo mwana wasukulu chifukwa chopinda ngodya ya tsamba, ndinalipinda kopelo pawiri kuti likwane pabowo. Linamveka likufika pansi.

5

Tinagona pa boma. M'mawa tinabwerera kuti tikayambe kujambula masamba ndi makina. Gerishon anali ngati mwana pa Khirisimasi.

"Tiyambe ndi la 2009," anatero. "Kafukufuku wanga wagona pa chisankho chimenecho."

Anafufuza m'bokosi. Anakhuthula onse pamkeka. Anawerenga kawiri, a Jameson anawerenga kachitatu. Makumi atatu.

Nthawi yomweyo pabwalo panaima njinga yamoto. Anatsika bambo wamapewa otambalala, fumbi lili mbuu kumaso, matumba opanda kanthu atamanga kumbuyo. Anali Sosten. Anatiponyera moni wachidule osatiyang'anitsitsa, poti anaona nkhope ya bambo ake.

"Kwagwanji?"

Atamva, sanafunse zambiri. "Tisungeni! Bwera kuno. Si iwe unang'ambapo mapepala kumapeto kwa kope la agogo ako chaka chatha?"

"Anali osalemba, ababa. Ndinapepesa. Ili sindinalikhudze."

"Wanyamula bokosi ndani? Walowetsa ndani? Ukufuna alendo aulemu ngati awa anene kuti ndiwo aba?"

Anathyola nthambi ya pichesi. A Jameson anati, "Sosten, taleka," koma maso awo sanali pa mwana wawoyo. Anali pa ine. Sanali maso aukali. Ankangodikira, ngati mlembi amene wagwira bolopeni kuti amve chimene wolankhula anene.

Nthambi inalira pamiyendo ya mtsikanayo. Ndinakhala chete. Inaliranso. Tisungeni sanakuwe, anangoluma mlomo wam'munsi, monga ndimachitira ine.

"Sosten, musiye mwanayo!" ndinakuwa.

Dzanja lake linaima m'malere. Anatembenuka pang'onopang'ono. Nkhope ikhoza kubisala kuseri kwa magalasi, koma mawu amene anakuitanapo m'nyumba zaka ziwiri suwaiwala.

"Falesi?"

"Ayi, awa ndi a Christabel," anatero Gerishon, wosauka, akufuna kukonza zinthu.

Ndinavula magalasi. "Kope ndataya ndine. Lili m'chimbudzi."

6

Tsopano ndikuuzeni zimene ndakhala ndikuzizungulira.

Dzina langa lobadwa nalo ndi Falesi. Makolo anga atamwalira ndinasiya sukulu ndili Fomu 2, ndipo ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu Sosten ananditenga chitengwa kudzakhala pakhomo pomwepa. Sanandimenyepo. Sanandigonetsepo ndi njala. Mlandu wake unali umodzi, wakuti akayang'ana kutsogolo ankaona mbatatesi basi, ndipo ine ndinkaziona zaka zanga zonse zitandandalikidwa m'mizere.

Mu 2009 kunabwera bambo wina wabizinesi wofuna uphungu. Ndinali m'gulu la amayi ovina, ndipo ndine ndinkayambitsa nyimbo. Msonkhano utatha anandiitanitsa kugalimoto. Anati mutu ngati wanga suyenera kuthera m'munda, iye akhoza kundibwezera kusukulu. Sanabise mtengo wake, ndipo ine sindinanamizire kusamva. Pamsonkhano wake wachiwiri ndinasiya mwana wa miyezi isanu ndi iwiri pamkeka, ndinati ndikukatenga nsalu yachipani. Ndinakwera galimoto.

Bamboyo anagwa pa chisankho, ndale n'kuzisiya. Koma fizi analipira mpaka ndinalemba Fomu 4, asanandisinthe ndi wina. Zotsalazo ndinakwera ndekha, ndili kwa azakhali ku Ndirande, ndi dzina latsopano. Ndinkadziuza kuti ndikapeza ntchito ndidzamutenga mwanayo. Nditaipeza ndinati ndikakhazikika. Nditakhazikika ndinali nditanama kwa anthu ambiri moti choona chinalibenso polowera.

Zonsezi ndinazinena pabwalo paja, nditagwada, wigi itapendekeka. Esnart, mkazi amene Sosten anakwatira pambuyo panga, amene analera Tisungeni, anatuluka m'khitchini n'kumukoka mtsikanayo kumuika kumbuyo kwake. Sosten anataya nthambi ija, n'kukakhala pa njinga yake, atatipatsa msana.

"Ndiye munaopa kuti ndinakulembani?" anafunsa a Jameson.

"Munati chimene maso anu aona chimalowa, bambo."

Anapukusa mutu. "Mukanatsegula, mayi. Tsiku limenelo tsamba lake ndi loyera. Msonkhano umenewo ndi wokhawo umene sindinalembe m'zaka zonsezi. Ndikanalemba ndi dzanja liti? Ndinali nditabereka mwana kumbuyo, ndikuyenda khomo ndi khomo kufuna mayi woyamwitsa."

Nkhumba zokha zinkalira kukhola.

"Komanso," anapitiriza, "makope angawa ndi a malonjezo a pagulu. Pa zonse zimene bambo uja analonjeza kuno, chimene anakwaniritsa ndi chanu chokha. Chikanasowa anzake m'kopemo."

Tisungeni anasuzumira kuseri kwa Esnart. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuwigi. Kenako anafunsa, osati ine, koma agogo ake: "Ndiye ndiwo amenewa?"

"Ndiwo."

"Oo," anatero. Analowa m'nyumba.

7

Pobwerera, ine ndi Gerishon tinafika pa Zalewa. Anaimika galimoto pambali, anazimitsa injini.

"Kope lija linali limodzi padziko lonse," anatero. "Nyimbo za chaka chimenecho, maina a makomiti, zonse. Munthu wa mulaibulale!"

Ndinatsala pang'ono kuseka. Ndamuuza kuti ndili ndi mwamuna wakale ndi mwana wamkulu, iye akulira kope. Koma anali asanamalize.

"Za Sosten ndikanamva. Za mwana, pakanapita nthawi ndikanazolowera. Unali wamng'ono, unali wosauka, ndimaphunzitsa zimenezo tsiku ndi tsiku. Koma lero sunali wamng'ono, Christabel. Ndinawerenga. Nthambi inamugwera kawiri usanatsegule pakamwa."

Chinkhoswe chinathera pamenepo, pakati pa ogulitsa tomato.

Lolemba ndinakapereka lipoti langa kwa Mayi Modesta. Linali la masamba awiri. Tsamba loyamba linkati makope a a Jameson ndi chuma chimene laibulale iliyonse yophunzitsa zandale iyenera kukhala nacho, kuti ajambulidwe onse, enieniwo atsale kwa mwini wake. Lachiwiri linkanena chimene ndinachita. Analiwerenga osaphethira.

Komiti inavomereza makopewo popanda wotsutsa, poti wotsutsa anali atachotsedwa mukomiti. Ndinalandira kalata yochenjeza. Ntchito sanandichotse. Mayi Modesta anati kundichotsa kukanakhala kundichitira chifundo.

"Mkuluyo akadali ndi mutu wabwino," anatero. "Muzipita kwa Dambe kamodzi pamwezi, pa thiransipoti yanu. Azikuuzani zimene akukumbukira za 2009, inu muzilemba, mpaka chakacho chibwerere."

Ndiye ndimapita. Ndimakwera minibasi, kenako kabaza, wigi ndimaisiya kunyumba. Sosten akandiona amapita kumunda. Esnart amandipatsa tiyi mwaulemu umene umawawa kuposa chipongwe. Ndimakhala pamkeka ndi laputopu, a Jameson pampando, maso atatseka, akutchula miyezi motsatana.

Mwezi wathawu tinafika pa msonkhano uja.

"Lembani," anatero. "Loweruka. Anabwera ndi galimoto zitatu."

"Bambo, munati tsambali linali loyera."

"Linali loyera chifukwa manja anali otangwanika. Lero ali pa inu manjawo. Kapena a yunivesite akufuna mbiri yodumpha?"

Tisungeni anali pakhonde akusenda mbatatesi. Mpeni unaima.

"Analonjeza mlatho. Anagawa nsalu. Pochoka, galimoto yachitatu inanyamula mtengwa wa pakhomo pano, Falesi, amene ankayambitsa nyimbo. Anasiya mwana wamkazi. Mwanayo analira masiku anayi, lachisanu anayamba kulandira phala."

Ndinalemba. Zala zinkaphonya, ndinkafufuta n'kulembanso. Nditamaliza, Tisungeni anabwera kudzaima kumbuyo kwanga, koyamba kundiyandikira chichitikireni zija. Anawerenga pagalasi mpaka pansi.

"Simunaike dzina la mwanayo," anatero.

Ndinaliika. Anaona kuti ndalemba bwino, n'kubwerera ku mbatatesi zake.

Inu amene mukuwerenga magazini ino, sindikupemphani kuti mundimvere chisoni, ndipo malangizo ndilibe ambiri, poti amene ndinkapereka kale munawaona kumene anandifikitsa. Ndingoti, ngati muli ndi chinthu chimene mumaopa kuti wina anachisunga penapake, pitani mukachinene nokha asanakwapulidwe wosalakwa. Mwina mudzapeza kuti anthu amene munawalakwira anali otangwanika ndi kukonza zimene munawononga, analibe nthawi yokulembani. Mwana wanga sananditchulebe kuti amayi, ndipo palibe komiti imene ndingakadandaule. Loweruka likubwerali ndikupitanso. Tikuyamba mwezi wa Juni wa 2009.